Buku la Zolakwa za ku Cyprus m'Manja mwa Mphunzitsi wa ku Tsangano

Mwa mabuku onse amene aphunzitsi a Chingerezi amayenda nawo m'zikwama, ndi owerengeka amene akhalitsa monga buku laling'ono lotchedwa Common Mistakes in English, lolembedwa ndi T. J. Fitikides. Linasindikizidwa koyamba ndi a Longmans m'chaka cha 1936, ndipo kuyambira pamenepo lasindikizidwanso kambirimbiri, nilifika m'maiko ochuluka kumene Chingerezi munthu amachipeza m'sukulu, osachiyamwira kubere. Dongosolo lake limamveka pa tsamba loyamba lomwe: chiganizo cholakwika chimaima pamwamba, cholondola pansi pake, ndipo kawirikawiri pamatsatira mzere umodzi kapena iwiri ya lamulo. Zolakwa zoposa 500 zinasanjidwa chotero m'zigawo zisanu, ndizo mawu ogwiritsidwa ntchito mosayenera, mawu osiyidwa, mawu osafunika, mawu oikidwa pamalo posakhala pawo, ndi mawu osokonezedwa ndi anzake. Mphunzitsi wotopa, amene mulu wa makope ukumdikira, sangalephere kulikonda buku lotere, pakuti limayankha msanga ndipo silikangana naye.

Komatu buku liyenera kuyesedwa pa ana amene akuligwiritsa ntchito, ndipo pano liyesedwa pa ana a ku Tsangano. Dera limeneli lili pamwamba pa mapiri a Kirk Range m'boma la Ntcheu, m'malire enieni a Malawi ndi Mozambique, kotero kuti tsidya linalo kulinso boma la dzina lomwelo m'chigawo cha Tete. Ndi dziko lozizira, la kachewere, kabichi ndi tirigu. Mwana wa kumeneko amayankhula Chichewa kunyumba, kumunda, kumsika ndi kutchalitchi, ndipo Chingerezi amakumana nacho m'kalasi basi. Koma akafika Sitandade 5 maphunziro ake onse, kupatula Chichewa chomwecho, amadzera m'Chingerezi. Mayeso a Sitandade 8 amamufunsa masamu ndi sayansi m'Chingerezi. Ndipo pa mayeso a MSCE satifiketi saipata ngati Chingerezi chamugwetsa, angakhale akhoze bwanji maphunziro enawo. Chotero funso lakuti buku ili likumuthandiza kapena ayi si la akatswiri okha. Likukhudzanso mayi amene anagulitsa matumba a kachewere pa mphambano ya Tsangano, pa msewu wa M1, kuti mwanayo apeze yunifolomu ndi makope.

Choyamba chimene mphunzitsi ayenera kudziwa ndi kumene bukuli linabadwira. Fitikides anali mphunzitsi wa Chingerezi pa sukulu ya Pancyprian Gymnasium mumzinda wa Nicosia pa chilumba cha Cyprus, chimene masiku amenewo chinali pansi pa Angerezi monga analili Nyasaland. Ana ake asukulu ankayankhula Chigiriki, ndipo mapazi a Chigiriki amaoneka bwino m'masamba ake kwa munthu amene awafunafuna. M'Chigiriki dzina la munthu limatsogoleredwa ndi kamawu kofanana ndi "the", ndipo mayina a zinthu zosagwirika nawonso amatero. N'chifukwa chake bukuli limataya masamba angapo kuchenjeza wophunzira kuti asaike "the" pamene sakufunika. M'Chigiriki dzina lililonse lili ndi mtundu wake, lachimuna, lachikazi kapena lapakati, ndipo chitseko ndi chachikazi. N'chifukwa chake bukuli limachenjeza kuti chinthu chopanda moyo chisatchulidwe "her". M'Chigiriki mneni mmodzi akhoza kutanthauza kuphunzira ndi kuphunzitsa komwe, ndipo bukuli limasiyanitsa "learn" ndi "teach" mosamala. Zonsezi n'zoona ndiponso n'zanzeru. Fitikides anachita chimene mphunzitsi wabwino amachita: anamvetsera ana ake, nalemba zimene zinkawapunthwitsa.

Tsono mwana wa ku Tsangano sapunthwa pa miyala imeneyo. Chichewa chinamupatsa kale "kuphunzira" ndi "kuphunzitsa", mawu awiri olekana bwino, ndipo mphunzitsi akangomusonyeza kuti msintho wa -tsa ndiwo ukusandutsa "learn" kukhala "teach", nkhani yatha m'mphindi imodzi. Chitseko sanachiganizirepo kuti ndi chachikazi. Vuto lake pa alowam'malo ndi lotembenuka: Chichewa chili ndi "iye" mmodzi wa mwamuna ndi mkazi yemwe, ndipo "wapita" sanena ngati wopitayo wavala buluku kapena chitenje. Mwanayo tsono amalemba za mayi ake nawatchula "he", pa mzere wotsatira nawatchula "she", osaona cholakwika chilichonse, pakuti m'maganizo mwake munthuyo ndi mmodzi yemweyo ndipo palibe chasintha. Cholakwa chimenechi chimapezeka m'chimangirizo cha mwana wa Sitandade 6, ndipo chimatulukirabe pakamwa pa munthu wophunzira kwambiri akatopa kapena akafulumira. Pa "the" napo vuto lake lalikulu ndi kumusiya, chifukwa Chichewa chilibe kamawu kotere n'komwe. Mwana amene wawerenga machenjezo ambiri oletsa "the" amangolimbikitsidwa m'chizolowezi chake chomusiya.

Pali cholakwa china chimene chimachokera ku ulemu, ndipo mphunzitsi ayenera kuchigwira ndi manja awiri. Mwana woleredwa bwino sanena kuti "bambo wabwera". Amati "bambo abwera", ndipo za mphunzitsi wamkulu amati "akukuitanani". Akatembenukira ku Chingerezi amaona kuti kunena "he has come" za bambo ake kuli ngati kuwanyoza, nalemba "my father have come" kapena "they are calling you" pamene woitanayo ndi munthu mmodzi. Cholembera chofiira chikangodula mzere pamenepo popanda mawu, mwanayo amaphunzira kuti wakhumudwitsa mphunzitsi, koma samva chifukwa chake. Chofunika n'kumuuza poyera kuti Chingerezi sichiika ulemu m'kuchulukitsa mneni, chimauika m'mawu ena monga "please", "would you" ndi "sir", ndi kuti "he" sanyoza munthu. Buku lobadwira ku Nicosia silikanadziwa kuti pansi pa "have" ameneyu pali mwana wogwada.

Mneni "kumva" ndiye msampha wina. Mwa mawu amodziwa Mchewa amamva kulira kwa belu, amamva fungo la utsi, amamva kuzizira kwa mwezi wa June, amamva kuwawa kwa dzino, ndiponso amamva zimene mphunzitsi wafotokoza. Chingerezi chimagawa ntchito imeneyi pakati pa "hear", "smell", "feel" ndi "understand". Mwana amene anaphunzira koyamba kuti kumva ndi "hear" adzalemba "I hear cold" m'mawa wa chisanu, ndipo akadzafika kuchipatala cha m'tauni adzauza dokotala wachilendo kuti akumva ululu ndi makutu. Chimodzimodzinso kuyankha funso lokana. Munthu akafunsidwa kuti "Simunadye?" nayankha "Inde", Mchewa aliyense amamva kuti sanadye, pakuti "inde" akuvomereza mawu a wofunsayo. Mngerezi amayang'ana pa chochitikacho osati pa funso: ngati sanadye amati "No". Pano njira yoika chiganizo cholakwika pamwamba ndi cholondola pansi siingachize kanthu, chifukwa "Yes" payekha si mawu olakwika. Cholakwika chili m'kaganizidwe kamene kamutulutsa, ndipo chimachoka pokhapokha ziyankhulo ziwirizo zitaikidwa pamodzi pa bolodi, mwana naziona ndi maso kuti zikuyenda njira zosiyana.

Kungakhale kusalungama kunena kuti bukuli ndi lopanda phindu ku Tsangano. Chigawo chake cha aperekezi ndi chuma ndithu. Chichewa chimagwira ntchito yaikulu ndi pa, ku ndi mu, pamodzi ndi msintho wa -ira kapena -era monga mu "kuphikira" ndi "kulembera", pamene Chingerezi chili ndi aperekezi ambirimbiri amene amamatirira ku aneni popanda chifukwa chooneka. Palibe nzeru imene ingauze munthu kuti "afraid" amayenda ndi "of" ndipo "depend" ndi "on". Ayenera kuloweza basi, ndipo poloweza mndandanda wa Fitikides ndi wabwino monga wina uliwonse. Mwa mawu osokonezedwa namonso muli amene amagwera pamalo pake mwangozi. Limasiyanitsa "borrow" ndi "lend", ndipo mwana wathu wa kumapiri amafunadi thandizo pamenepo, pakuti amati "ndabwereka khasu" ndiponso "mundibwereke khasu" ndi mneni mmodzi, n'kutulukapo "borrow me". Koma pamenepanso bukuli limangoti chimene chili cholondola ndi ichi. Chifukwa chimene mwanayu walakwira chili m'Chichewa, ndipo ndi mphunzitsi yekha angachitulutse.

Chosowa chachikulu ndi katchulidwe. Fitikides sanalembe buku la katchulidwe ndipo sayenera kudzudzulidwa chifukwa cha ntchito imene sanailonjeze. Wodzudzulidwa ndi iye amene amalitenga bukuli ngati Chingerezi chonse. Ena amati popeza mayeso a Chingerezi m'Malawi ndi olemba, kutaya nthawi pa kamwa ndi makutu n'kungosewera. Maganizo amenewa ndi olakwika, ndipo kope lililonse la lembetso limawatsutsa. Chichewa chili ndi malembo a liwu asanu, a, e, i, o, u, ndipo lililonse limamveka chimodzimodzi paliponse. Chingerezi cha kumwera kwa England chili ndi maliwu 12 oima paokha ndi ena 8 ophatikiza. Khutu lozolowera asanu limakankhira 20 amenewo m'mabokosi ake asanu. Chotero "live" ndi "leave" amasanduka mawu amodzi, "full" ndi "fool" chimodzimodzi, "bed" ndi "bird" chimodzimodzi, ndipo "hat", "hut" ndi "heart" onse atatu amalowa m'bokosi limodzi. Chimene khutu silinasiyanitse dzanja silingasiyanitse. Mwana wolemba kuti "I leave at Tsangano" sanalakwe galamala. Analakwa kumva, ndipo malikisi amawataya pa pepala.

Nkhani ya l ndi r ndiyo yoyenera kuimapo nthawi, chifukwa pamenepa sukulu yomweyo imathandiza kukumba dzenje. M'Chichewa l ndi r ndi liwu limodzi. Palibe mawu awiri a Chichewa amene tanthauzo lawo limasiyana chifukwa china chili ndi l china r. Malamulo a kalembedwe amene bungwe la Chichewa Board linatulutsa m'chaka cha 1973 anatsata dongosolo lakuti r alembedwe pambuyo pa e ndi i, ndipo l kwina konse; n'chifukwa chake timabuku ta ana timalemba "kulira", "kulera" ndi "mbiri", komanso "kulola" ndi "mbale". Lamuloli n'labwino pa Chichewa. Koma mwana amene walidziwa bwino waphunzira chinthu choopsa pa Chingerezi, chakuti l ndi r ndi zovala ziwiri za munthu mmodzi, zosinthidwa malinga ndi amene waima naye pafupi. Akafika pa "load" ndi "road", mawu awiri amene mwana wa pamsika wa kachewere amawaona ndi maso tsiku ndi tsiku pamene malole akupakira matumba m'mbali mwa msewu, sakhulupirira kuti ndi mawu awiri. "Play" ndi "pray", "glass" ndi "grass", "collect" ndi "correct" amasinthanasinthana m'chimangirizo chimodzi. Chizolowezichi n'chakale kuposa sukulu: makolo atamva "carta" wa Apwitikizi anati kalata, atamva "lorry" anati lole, atamva "driver" anati dalaivala. Mwana wa tsidya lija la malire, amene akulimbana ndi Chipwitikizi m'malo mwa Chingerezi, amapunthwa pa mwala womwewu, umboni wakuti vuto silili mwa mphunzitsi kapena m'mutu mwa mwana, koma pokumanira ziyankhulo.

Mankhwala ake sali m'buku la zolakwa, ali m'kamwa. Pa l wa Chingerezi nsonga ya lilime imakanikiza usinini kuseri kwa mano apamwamba, nikhala pomwepo, mpweya n'kumadutsa m'mbali. Pa r wa Chingerezi lilime silikhudza paliponse. Limangopindikira m'mwamba pang'ono, milomo itasongoka pang'ono. Liwu la Chichewa lili pakati pa awiriwa, lilime limangomenya kamodzi n'kuthawa. Mwana akauzidwa kuti "gwiritsa lilime" pa l ndi "usakhudze" pa r, wapatsidwa chogwira, chimene kumuuza kuti "bwerezanso" kakhumi sikungamupatse. Ndipo khutu liyenera kutsogola: asanafunsidwe kutchula, ayambe waloza chithunzi cha msewu kapena cha katundu pamene mphunzitsi akutchula limodzi la mawu awiriwo.

Kalembedwe kamatcheranso msampha wina pa th ndi ph. Mwana wodziwa kuwerenga "thumba" ndi "phiri" amadziwa kuti h akutanthauza kampweya kotsatira t kapena p. Akaona "three" kapena "photo" amachita zomwezo, ndipo amene amawerenga bwino Chichewa ndiye amalakwa molimba mtima. (Alendo nawo amabweza ngongole pamene atchula a Phiri ngati a Firi.) Koma pomwepa pali mphatso imene mabuku ochokera kunja sangaione. P, t ndi k oyambirira mawu a Chingerezi amatuluka ndi kampweya, ndipo makutu a makolo anakamva kalekale: anati phini, thaulo, khoti, khofi, khadi. Ophunzira a ku France kapena ku Greece amavutika kuphunzira kampweya kameneka, pamene mwana wa ku Tsangano ali nako kale m'kamwa, ndipo akungosowa womuuza kuti "pin" amayamba monga phiri. Za chizolowezi chothera mawu aliwonse ndi lembo la liwu ndi kupatula malembo ounjikana, chimene chinabala sukulu, buledi, sitolo ndi bokosi, aphunzitsi onse amachidziwa, ndipo pa zonse ndicho chosavuta kuchimva ndi kuchikonza.

Pamenepa wina adzafunsa kuti, kodi mwanayu akuphunzitsidwa kuyankhula ngati yani? Daniel Jones, m'dikishonale yake ya katchulidwe ya 1917, anafotokoza kayankhulidwe ka anthu a kumwera kwa England ophunzira m'masukulu ogonera a anthu olemera, ndipo kwa zaka zambiri ameneko ndiko kanali muyeso m'makoleji a aphunzitsi. Palibe chifukwa chakuti mwana wa ku Ntcheu adzivute kumveka ngati wobadwira ku London, ndipo mphunzitsi wake sangamupatse chimene iye mwini alibe. Jennifer Jenkins, m'buku lake la 2000 lonena za katchulidwe ka Chingerezi pakati pa mitundu, anasonyeza kuti pamene anthu a ziyankhulo zosiyana akambirana m'Chingerezi, kulephera th sikusokoneza kwenikweni, koma kusokoneza malembo ena opanda liwu ndi kusasiyanitsa liwu lalitali ndi lalifupi ndiko kumadula kumvana. Ngati zili choncho, mphunzitsi wa nthawi yochepa ndi ana ochuluka asiye kuzunza kalasi ndi lilime pakati pa mano, aike mphamvu zake pa l ndi r, ndi pa "live" ndi "leave". Chomwechonso pa kagwiritsidwe ntchito ka mawu: Mmalawi wonena "sorry" kwa mnzake amene wapunthwa akumasulira "pepani", ndipo aliyense amamumva, kumudula mzere wofiira pamenepo n'kuwononga inki imene ikanagwira ntchito pa "he" ndi "she".

Njira yeniyeni ya bukuli nayo ili ndi choopsa chake ikafika m'kalasi la kumudzi. Fitikides ankaganizira wophunzira wokhala ndi buku lakelake, wowerenga payekha, amene diso lake lidzadumpha msanga kuchoka pa cholakwika kupita pa cholondola. Kumene buku lili limodzi ndipo lili ndi mphunzitsi, zimene zimachitika n'zina. Ziganizo zonse ziwiri zimalembedwa pa bolodi, ana nazikopera zonse m'makope, mwinanso naziwerenga mokweza onse pamodzi. Wokhala kumbuyo, amene mawu ang'onoang'ono a chenjezo sanawaone bwino, amapita kwawo ndi ziganizo ziwiri zolemera mofanana, ndipo choyamba kulowa m'khutu ndicho cholakwika chija. Choipitsitsa n'chakuti cholakwacho mwina ndi cha mwana wa Chigiriki, chimene wa ku Tsangano sakanachiganizira mpaka ataphunzitsidwa.

Maganizo akuti zolakwa za wophunzira zimadziwika poyerekeza chiyankhulo chake ndi chatsopanocho si achilendo. Robert Lado anawafotokoza m'buku lake la 1957, ndipo asatengedwe ngati afotokoza zonse. S. Pit Corder, m'nkhani yake ya 1967, anaonetsa kuti cholakwa ndi chizindikiro cha pamene wophunzira wafika pomanga malamulo akeake. Mwana wolemba "goed" kapena "childs" sanatenge zimenezo ku Chichewa. Wagwira lamulo la Chingerezi nalipititsa kumene silifika, monga amachitira mwana wa Mngerezi wa zaka zitatu. Zolakwa zoterezi zimatha zokha ndi kuwerenga. Zochokera ku Chichewa ndizo zokakamira, chifukwa zimathiriridwa tsiku lililonse mwana akangotuluka pa chipata cha sukulu.

Chimene mphunzitsi wa ku Tsangano angatenge kwa Fitikides, kuposa mndandanda wa aperekezi uja, ndi khalidwe lake logwirira ntchito. Kope limodzi la masamba 80 likwanira. Pochonga, alembe cholakwa chilichonse chimene chabwera kwa ana atatu kapena kuposa, ndipo tsamba aligawe patatu m'malo mwa pawiri: chimene mwana analemba, chimene anafuna kunena m'Chichewa, ndi Chingerezi cholondola. Mzere woyambawo ukhale wa mphunzitsi yekha, usafike pa bolodi. Ana aone wachiwiri ndi wachitatu basi. Pa tsamba loyamba padzakhala "akukuitanani" moyang'anana ndi "he is calling you", pansi pake "ndikumva kuzizira" moyang'anana ndi "I feel cold", ndipo teremu isanathe padzaoneka zina za ku Tsangano kokha, zochokera ku mayina a mbewu, miyeso ya pamsika ndi mawu a Chipwitikizi amene ana amatola kwa abale awo a kutsidya.